Zaka za madzi a pamjigo: kuyeza michere kapena ma isotope?

Mjigo ukayamba kuchepa madzi mu Okutobala kuno ku Chipata, funso lenileni ndi lakuti madziwo analowa liti pansi. Pali njira ziwiri zofufuzira.

Kuyeza michere ndi kotsika mtengo. Kachipangizo kam'manja mumakaviika m'ndowa, nthawi yomweyo kakuuzani kuchuluka kwa michere yosungunuka. Madzi amene akhalitsa m'ming'alu ya miyala amakhala ndi michere yambiri, pomwe mchere wina wotchedwa nitrate ukachuluka umasonyeza kuti madzi apamwamba, ochokera kuzimbudzi kapena kuminda ya feteleza, akusakanikirana ndi apansi. Koma chaka sichidziwika.

Ma isotope, omwe ndi mitundu yosiyana kulemera ya tinthu ting'onoting'ono (ma atomu) topezeka m'madzi, ndiwo amawerenga nthawi. Mwa mitunduyi, tritium imachepa ndi theka pa zaka 12.3 zilizonse, choncho ikapezeka ndiye kuti muli mvula imene inagwa m'zaka makumi angapo zapitazi. Carbon-14, amene theka lake limatha pa zaka 5,730, amayeza madzi akalekale. Oxygen-18 amatha kuulula ngati chitsime chikumwa madzi a damu, monga la Lutembwe, chifukwa madzi owambidwa ndi dzuwa amasiya chizindikiro chake. Vuto ndi mtengo: mabotolo amatumizidwa kumalabotale akutali, zotsatira n'kuchedwa.

Ine ndikuti tiyambe ndi michere pamijigo yonse, ma isotope tisungire mijigo imene midzi yambiri ikudalira.