LinearTypes ya Haskell pambuyo pa miyezi 8

Papita miyezi 8 chiyambireni kugwiritsa ntchito LinearTypes m'pulogalamu yanga yolembedwa m'chinenero cha kompyuta cha Haskell, imene imatsegula ndi kulemba mafayilo ambiri. Extension (chowonjezera pa chinenerochi) imeneyi inabwera mu 2021 ndi GHC 9.0 (GHC ndi compiler ya Haskell, pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta iimve), ndipo chinandikopa ndi muvi wake wa `a %1 -> b`, umene umakakamiza function kugwiritsa ntchito chimene yalandira kamodzi kokha basi. Pa mfundo imeneyi sindinagwiritsidwe mwala, chifukwa compiler imakanadi code imene yaiwala kutseka fayilo kapena yaitseka kawiri, zolakwika zomwe kale ndinkazitulukira pulogalamu itayamba kale kugwira ntchito.

Chimene chandivutitsa kwambiri ndi laibulale ya base, imene pafupifupi pulogalamu iliyonse imadalira. Inalembedwa ndi muvi wamba wa `a -> b`, choncho ngakhale `map` kapena Monad sizigwirizana ndi code yotsatira lamulo la kamodzi kokha. Ndinayenera kutenga laibulale ya linear-base yopangidwa ndi kampani ya Tweag n'kuyatsanso extension ya QualifiedDo kuti `do` igwire ntchito, ndipo paliponse pamene code yatsopano yakumana ndi yakale pamafunika kulumikiza ndi manja. Kufikira GHC 9.10 ya 2024, `let` ndi `where` sizinkasunga lamuloli n'komwe, moti ndinkapanga tima-function ting'onoting'ono pongofuna kutchula dzina la chinthu chimodzi. Kusamukira ku 9.10 kunandipeputsa kwambiri. Komabe uthenga wa compiler wonena kuti `Many` (kambiri) sakugwirizana ndi `One` (kamodzi) kawirikawiri suthandiza munthu kupeza msanga pamene palakwika, ndipo exception (vuto losokoneza pulogalamu ili mkati mogwira ntchito) ikachitika, muviwo pawokha sutsimikiza kuti fayilo yatsekedwa. Ntchito imeneyo imagwiridwa ndi `System.IO.Resource.Linear` ya mu linear-base.

Ma-extension ena a GADTs ndi DataKinds sanandipatse vuto lotere m'miyezi yonseyi. Ndi okhalitsa, malaibulale monga servant anamangidwa pa DataKinds, ndipo onse awiri analowetsedwa m'gulu la ma-extension oyatsidwa pamodzi lotchedwa GHC2024, pamene LinearTypes inasiyidwa kunja. Ine ndikuona kuti amene anasankha choncho anaganiza bwino, ngakhale ndimaikonda extension imeneyi ndipo ndikufunitsitsa kuti ikhwime.

Mwezi watha ndinaichotsa m'ma-module onse kupatula imodzi yokha yosamalira mafayilo, kumene phindu lake limaposa ntchito imene imandipatsa, ndipo code ina yonse ndinaibwezera ku muvi wamba kuti anzanga amene timagwira nawo ntchito aziiwerenga mosavuta.