Mutu wanu, Digital Wellbeing kapena kaundula wa kampani: wodalirika ndi uti?

Funsani munthu kuti dzulo anakhala maola angati pa foni, ayankha msanga, wosakayika n'komwe. Koma mutu umaphonya, ndipo kaphonyedwe kake n'kodziwika.

Ofufuza a Interphone, kafukufuku wa m'mayiko 13 amene bungwe lofufuza za khansa la IARC linkatsogolera pofufuza ngati foni ili ndi mbali pa zotupa za muubongo, anayerekeza zimene anthu ankakumbukira ndi zolembedwa ndi makampani a foni komanso mafoni eni ake. Mu 2006 anapeza kuti anthu ankachepetsa chiwerengero cha maulendo amene anaimba, koma nthawi yolankhulayo ankaikokomeza. N'zomveka. Foni yolengeza maliro kapena yokangana ndi mlamu imakhazikika m'mutu, pomwe ya "mwafika pati?" imaiwalika usanaikenso foni m'thumba.

Mu 2015 ofufuza ena ku Britain anatsatira anthu 23 kwa milungu iwiri. Ankagwira foni pafupifupi ka 85 pa tsiku, kuwirikiza kawiri zimene iwo eni ankaganiza, ndipo kupitirira theka la maulendowo sankakwana ndi masekondi 30 omwe. Apa ndi pamene mutu umagonja kotheratu.

Zowerengera za m'foni zimaposa mutu ndi kutali. Screen Time ya pa iPhone ndi Digital Wellbeing ya pa Android zonse zinabwera mu 2018, ndipo zimapezeka mu Settings. Zimaonetsa mphindi za WhatsApp pazokha, za Facebook pazokha, ndi kangati mwagwira foni. Pakati pa ziwirizi palibe chokanganira, mumagwiritsa ntchito imene foni yanu ili nayo. Chilema chake n'chakuti zimawerenga sikirini, osati munthu. Kwathu kuno foni imodzi imayenda m'manja ambiri: mwana akaonera makatuni madzulo, m'bale akabwereka kuti aone zigoli za mpira, zonsezo zimagwera inu. Komanso nyimbo zimene mwamvera sikirini itazima nthawi zambiri sizilowa m'chiwerengerocho.

Kaundula wa kampani ndiye katswiri pa kuimba kwa mayunitsi, chifukwa pamenepo pali ndalama ndipo sekondi iliyonse imalembedwa. Kungoti amangoona layini yake. Amene ali ndi Airtel ndi TNM m'foni imodzi ali ndi makaundula awiri osadziwana, ndipo kuimbirana pa WhatsApp kampani imangokuona ngati data yatha, basi.

Ine ndikafuna kudziwa kumene bandulo ikuthera kapena chimene chikundigoneka mochedwa, ndimatsegula Digital Wellbeing, n'kuyang'ana masiku onse a mlungu osati tsiku limodzi, kenako n'kuchotsapo nthawi imene foni inali ndi ana. Mutu ndimangoufunsa funso limodzi limene makina sangayankhe: pa ola lakutilakuti, foni inali ndi ndani?