Ku Washington kapena kufufuza za intaneti?

Kwa mtolankhani kapena womenyera ufulu wa muno mu Blantyre, mipata iwiri iyi ya fellowship (thandizo loti munthu achite kafukufuku kwa kanthawi) siyofanana. Reagan-Fascell Fellowship ya bungwe la National Endowment for Democracy imakutengerani ku Washington kwa miyezi isanu, kukalemba ndi kucheza ndi akatswiri a demokalase. Imayenera munthu amene wakhalitsa pantchito.

Information Controls Fellowship ya Open Technology Fund ndi ya miyezi itatu mpaka 12, ndipo kawirikawiri imafuna wodziwadi kompyuta, woti afufuze mmene maboma amatsekera intaneti ndi kuzonda anthu. Ine mtima uli pa imeneyi. Mkangano wa makina achisankho a kampani ya Smartmatic chisankho cha 2025 chisanachitike unandipweteka: tinkatsutsana kwambiri, koma otha kuwaunika mwaukatswiri ndinkawamva mwa apo ndi apo. Achinyamata omaliza maphunziro ku yunivesite ya MUBAS, iganizireni.