Ka Samsung N150 kanga pa Ngabu: kutentha, fumbi ndi magetsi othimathima

Anthu ambiri akandipeza pakhonde ndikutayipa pa kakompyuta kanga amaima kaye nkufunsa kuti achimwene kodi kameneka kamagwiradi ntchito kapena ndi ka ana kosewerera, ndiye ndati ndingolemba zonse pamodzi kuti amene akuganiza zogula ka mtundu umenewu adziwiretu. Kanga ndi ka Samsung N150, timene amati netbook tija, tinatuluka mu 2010. Anandibweretsera alamu anga pochokera ku Joni mu 2022, kogwiritsa kale ntchito, kakona kamodzi kothetheka koma kakuyaka bwinobwino. Ine ndine mlembi wa kalabu yathu ya alimi a thonje komanso wa banki mkhonde ya m'mudzi mwathu, ndiye ntchito yanga ndi maina, masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, kuphatikiza makalata opita kwa amfumu ndi mapulogalamu a ukwati ndi a maliro amene anthu amabwera kudzandipempha. Pa ntchito imeneyi kakompyuta aka sikanandichititsepo manyazi, ndipo chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 laputopu yatsopano inangokhala ya m'maloto kwa ambirife, nde tizinthu ngati timeneti sitofunika kutinyoza.

Mkati mwake muli purosesa ya Intel Atom N450 ya 1.66GHz, RAM (malo amene kompyuta imagwirirapo ntchito zimene watsegula) kanabwera ndi 1GB, sikirini ndi ya mainchesi 10.1, malo olowetsa USB atatu, VGA polumikiza sikirini ina kapena projector, polowetsa waya wa netiweki ndi polowetsa memory card ya SD. CD kapena DVD sikalowa, HDMI palibe. Kulemera kwake ndi kilo imodzi ndi pang'ono basi, moti ndimakaponya mchikwama limodzi ndi mabuku a kalabu nkukwera kabaza osamva kuti ndanyamula kanthu.

Chinthu choyamba, musanagule chikwama chokongola kapena ma sipika, gulani RAM. Ndi 1GB ija ukatsegula Word ndi browser nthawi imodzi kamayamba kuganiza mpaka ukhoza kukatunga madzi pa mjigo nkubwera kasanamalize. Kamalola mpaka 2GB, malo ake ndi amodzi okha ndiye umachotsa yakale nkuikamo ina, ndipo ubwino wa N150 pansi pake pali kachitseko ka sikulu imodzi, aliyense akhoza kusintha yekha bola wachotsa batire kaye. Kanga kamagwiritsa RAM ya mtundu wa DDR2, koma chenjerani chifukwa ma netbook ena a zaka zomwezo ndi a DDR3 ndipo ziwirizi sizilowana, kamng'alu kake kali malo osiyana. Ine ndinachotsa yakaleyo nkupita nayo ku Limbe mthumba, wogulitsayo anaika pamodzi ziwirizo ndikuona, ndiye ndinalipira. Kukwera Thabwa mpaka mtauni nkubwerako ndi chinthu cholakwika ndi ndalama ya transport yotayika kawiri.

Chachiwiri ndi hard disk, mosungira mafayilo muja. Ija kanabwera nayo ndi yozungulira mkati, ndipo misewu yathu yakumudzi ndi kabaza mukuidziwa, kugwedezeka kumeneko disk yotere sikondwa nako makamaka ukanyamula kompyuta isanazimiretu. Ndinasintha nkuika SSD, disk yopanda chozungulira mkati, ya 120GB ya SATA, ya mainchesi 2.5. Apa pokha ndinapereka kwa mnyamata wokonza mafoni chifukwa pamafunika kutsegula chapansi chonse ndipo timano take ta pulasitiki sitichedwa kuthyoka. Purosesa siinasinthe, ndi yomweyo yofooka, koma kuyaka ndi kutsegula mafayilo kunasinthiratu. Disk yakale sindinataye, ndinaigulira kabokosi ka USB ndipo pano ndimasungiramo zithunzi ndi kope ya mafayilo onse a kalabu.

Pa nkhani ya Windows ndi pamene ndinazengereza kwambiri. Kanabwera ndi Windows 7 Starter ndipo ndinakhala nayo pafupifupi chaka chifukwa ndinaizolowera, koma Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, browser ya Chrome nayo inathera pa version 109 kwa a Windows 7. Vuto lenileni kuno ndi ma fulashi. Ukapita kokapulinta pa trading, fulashi yako imalowa mu kompyuta imene yalandira ma fulashi a anthu a dera lonse, ukabwera nayo yatenga vayirasi, mafoda onse asanduka ma shortcut, ndipo tsiku lina zinandichitikira kutatsala tsiku limodzi kuti tigawane ndalama za banki mkhonde, mtima unandithawa chifukwa amayi aja ndalama zawo amazidziwa pamtima ndipo ukasokoneza ngakhale K500 dzina lako laipa m'mudzi monse. Mafayilo ndinawapeza, anali angobisika, koma ndinati basi zakwana. Aphunzitsi ena a ku sekondale anandiikira pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, Linux yopepuka yotchedwa antiX, kudzera pa fulashi, umadina F2 kakamayaka nkusankha kuti kayambire pa USB. Sabata yoyamba ndinavutika kupeza zinthu, koma LibreOffice, imene imalowa m'malo mwa Office pa Linux, imatsegula mafayilo a Word ndi Excel ndipo vayirasi ya ma shortcut ija ilibe mphamvu kumeneko. Kokapulinta ndimapita ndi PDF nthawi zonse, chifukwa ukapita ndi fayilo wamba mizere imasuntha pa kompyuta ya eni ake, pulogalamu ya maliro ya tsamba limodzi nkutuluka masamba awiri. Amene simukufuna za Linux khalani ndi Windows 7 yo ndi Office 2007, imayenda bwino, koma za ku banki musamapangirepo. Windows 10 pa kamakina aka musayese nkomwe, ikhoza kulowa koma mudzangodana nako kakompyuta kosalakwa.

Tsopano kutentha, nkhani yathu ya kuno kuchigwa. Amene amakhala ku Dedza kapena ku Mzuzu sangamvetse, koma October ndi November kuno kumadutsa madigiri 40, mnyumba ya malata masana ngakhale munthu sukhalamo. Atom ija payokha sidya moto wambiri ndipo sitentha ngati ma laputopu akuluakulu, ndi chifukwa china chimene ndimakakondera, komabe kafani kake ndi kakang'ono ndipo kamadalira mpweya wolowera pansi. Ukakaika pa matiresi, pa mphasa yofunditsa chitenje kapena pamiyendo watseka mphuno zake, umangomva kafani kakulira ndipo kiyibodi yafunda. Ine ndinadula timatabwa tiwiri ndimakakhazika pamenepo kuti pansi pazipita mphepo, zaulere, ndipo zimagwira kuposa cooling pad ya USB imene ndinagulapo nkuona kuti ikungomaliza batire. Nyengo yotentha ntchito yaikulu ndimagwira m'mamawa kusanafike 9 koloko kapena usiku, masana ndikakakamizika ndimakhala pansi pa mtengo wa nimu, ndipo apa sikirini yake imandisangalatsa chifukwa si yonyezimira ngati galasi, panja umaona zolemba osati nkhope yako. Mgalimoto yotseka kapena pawindo pofika dzuwa musakasiye ngakhale kozima, batire ndi imene imayamba kufa.

Fumbi nalo, mwezi wa August mphepo ikayamba limalowa paliponse. Ndimakapukuta ndi mswachi wakale wouma pakati pa mabatani, ndipo kamodzi pachaka mvula isanayambe mnyamata uja amakatsegula nkupemerera fani. China chimene anthu amaseka ndikawauza koma ndi choona, musamadyere mzimbe kapena kumwera tiyi wa shuga pafupi ndi kiyibodi. Kadontho kamodzi nyerere zimabwera mzere nkukhazikika mkati, mphemvu nazo zimakonda mofunda. Ndikamaliza ntchito ndimakasiya kazizire kenako nkukaika mkachikwama ka zipi kamene anandisokera atelala a pamsika ndi nsalu yokhuthala.

Magetsi. Ndinakalandira chaka chimene Cyclone Ana inaononga damu la Kapichira kuno ku Chikwawa mu January 2022, dziko lonse linataya pafupifupi ma megawatt 130 ndipo kuthima kunali kwa tsiku ndi tsiku mpaka 2023. Nthawi imeneyo ndi pamene ndinaona phindu la kamakina kosadya moto. Batire yake ndi ya ma cell 6, pokalamba inali kundipatsa maola awiri ndi theka, ndipo nditapeza ina pano ndimafika maola asanu ndikachepetsa kuwala ndi kuzimitsa WiFi. Ma Samsung amenewa ali ndi setting yoti batire izilekezera pa 80%, ngati mumakhala pa chaja nthawi zambiri iyatseni, batire imakhalitsa makamaka kotentha ngati kuno. Chaja yake ndi ya 19V, 40W. Yochokera ku Joni imabwera ndi pulagi ya mano ozungulira, musamaikakamize mu soketi ndi kamtengo, ingosinthani chingwe chakukhomacho mugule cha mano atatu athuwa.

Pa chaja pomwepa ndinapsapo. Yoyamba ija waya wake unaduka pakhosi, ndinagula ina yotchipa pa benchi ina, yopepuka ngati mulibe kanthu, ndipo ndikailumikiza kamuvi kamangothamanga kokha pa sikirini, touchpad osamvera, iyo nkumatentha yosagwirika. Sabata zitatu inanunkha nkuzima. Mwamwayi kompyuta sinapse nayo. Chaja yabwino imalemera m'manja, werengani ma volt pa chikalata chake afanane ndi olembedwa pansi pa kompyuta, ndipo yesani pomwepo kamutu kake chifukwa timitu ta Samsung, Acer ndi HP ndi tosiyana. Magetsi akathima zulani kukhoma, pobwera amabwera ndi mphamvu.

Kumudzi kwa mayi kulibe magetsi, kuli sola ndi batire ya 12V. Poyamba ndinkadutsira pa inverter koma ndinaona kuti ikudya batire pachabe, kukweza moto kufika 230V kuti chaja iutsitsenso kufika 19V. Pali chaja ya mgalimoto imene imatenga 12V nkupereka 19V mwachindunji, imeneyo ndi imene ndikulimbikitsa aliyense wa sola, madzulo ndimatayipa mababu akuyaka ndipo batire imafika m'mawa.

Intaneti ndimatengera pa foni. WiFi ya kakompyuta aka imaona 2.4GHz yokha, ndiye ngati hotspot ya foni yanu siikuoneka musathamangire kunena kuti kafa, lowani mu setting ya foni musinthe kuchoka pa 5GHz. Ine ndimakonda kulumikiza ndi waya wa USB chifukwa foni imachajidwa konko. Email, kutsitsa mafomu, kuwerenga nkhani zimatheka bola tsamba limodzi kapena awiri. Facebook ndi WhatsApp Web ndi zolemera, bola pa foni pomwepo. YouTube pa 360p imayenda, kupitirira apo imadukaduka, ndipo Zoom ingoiwalani. Wina akakuuzani kuti kameneka mwana wanu akapangira editing ya mavidiyo kapena AutoCAD ku koleji akungofuna ndalama yanu.

Chimene chimanditopetsa mpaka lero ndi kufupika kwa sikirini, 1024x600. Mawindo ena batani la OK limabisala pansi osaoneka. Pa Linux umagwira Alt nkukoka windo ndi mausi kuti likwere, pa browser F11 imakupatsa malo, pa Word 2007 Ctrl ndi F1 imabisa zapamwamba zija. Sipuredishiti ya banki mkhonde ya anthu 25 ndimachita kuitsitsa zoom kuti ndione mizere yokwanira, ndipo maso amawawa ukakhalitsa. Kiyibodi ndi yocheperako pang'ono koma mabatani ake ndi abwino, zala zanga zinazolowera pa sabata ziwiri. Touchpad ndiye ndi kakang'ono zedi, gulani mausi ya waya, ya wireless imafuna mabatire amene amatha tsiku loipa. Tima sipika take ndi tofooka, mahedifoni amathandiza. VGA ija musaipeputse, pa msonkhano wa kalabu tinabwereka projector nkuonetsa ndalama zonse pakhoma la kalasi, aliyense anaona dzina lake ndi ngongole yake ndipo mikangano ya chaka chimenecho inathera pomwepo.

Cyclone Freddy itabwera mu March 2023 mabuku a magulu ambiri kuno ndi ku Nsanje anapita ndi madzi, anthu osadziwanso kuti wakongola zingati ndani. Kuyambira pamenepo mvula ikayamba kakompyuta, chaja ndi disk yakale ija zimagona mu ndowa ya pulasitiki yotseka pamwamba pa kabati, ndipo Loweruka lililonse tikatha msonkhano fayilo ya banki mkhonde ndimadzitumizira pa email, ndi ma KB ochepa chabe, ngakhale bundle yotsala pang'ono imakwana.

Mukapeza kotere pa kaunjika wa ma laputopu ku Limbe kapena kwa obwera ku Joni, musalipire musanakayese. Kazuleni pa chaja muone ngati kakhalabe koyaka kwa mphindi 20, tsegulani polembera mudine batani lililonse limodzilimodzi, lowetsani fulashi yanu m'malo onse atatu, tsegulani ndi kutseka chivindikiro kangapo muone ngati sikirini ikuphethira chifukwa waya wa pa hinji ndi umene umatopa pa makina okalamba, dinani F2 muone ngati BIOS, ma setting a mkati mwa kompyuta aja, ilibe password ya mwini wake wakale, ndipo ikani khutu kumbali mumve ngati fani ikuzungulira. Wogulitsa akakana kuti muyese zimenezi, bwezani katundu wake mupite pa benchi ina.