NOT IN, NOT EXISTS kapena EXCEPT: posaka mizere yosemphana ndi tebulo lalikulu

Tinene kuti muli ndi tebulo lalikulu la katundu, mndandanda, momwe muli khodi ndi mtengo wovomerezeka, ndipo tebulo lina, nthambi, liyenera kufanana nalo. Musanalembe SQL iliyonse, dziwani kaye chomwe mukusaka: mzere womwe mu mndandanda mulibe, kapena womwe ulimo koma mtengo wake wasintha. Izi n'zosiyana.

Ambiri amathamangira NOT IN poti imawerengeka mosavuta. Ine sindiikhulupirira. Mu khodi za mndandanda mukangopezeka NULL imodzi (malo osalembedwa kanthu), simulandira mzere ngakhale umodzi, error osaoneka, inu n'kumati zonse zili bwino. SQL ikayerekeza chinthu ndi NULL siyankha inde kapena ayi, imangoti sizikudziwika, ndipo WHERE amautaya mzere wotere.

NOT EXISTS ilibe msampha umenewu:

SELECT * FROM nthambi n WHERE NOT EXISTS (SELECT 1 FROM mndandanda m WHERE m.khodi = n.khodi);

LEFT JOIN yotsatana ndi WHERE m.khodi IS NULL imatulutsa zomwezo. Sankhani yomwe munazolowera.

Nanga mitengo yosintha? Apa ndi pomwe EXCEPT imathandiza:

SELECT khodi, mtengo FROM nthambi EXCEPT SELECT khodi, mtengo FROM mndandanda;

Imayerekeza mzere wonse nthawi imodzi, ndipo NULL ziwiri imaziona kuti n'zofanana, zomwe zimakupulumutsani makolamu akachuluka. Koma imayang'ana mbali imodzi yokha. Kuti muone zomwe nthambi ikusowa, tembenuzani matebulowo. Mizere yobwereza imaiphatikiza kukhala umodzi, choncho sopo wolembedwa kawiri pa mtengo wolakwika amaoneka kamodzi. Mu database ya Oracle dzina lake lakale ndi MINUS, EXCEPT inabwera mu version 21c. A MySQL anaidikira mpaka 8.0.31 mu 2022, ndiye ngati seva yanu ndi ya 5.7, iwalani.

Chomwe chimandisowetsa mtendere pa EXCEPT n'chakuti imakuuzani kuti shuga wasemphana, koma osakuonetsani mtengo wa mu mndandanda. Abwana akafuna lipoti la mitengo iwiriyo pambalipambali, lumikizani matebulo ndi JOIN pa khodi, kenako WHERE n.mtengo IS DISTINCT FROM m.mtengo. Musaike <> pamenepo, imadumpha mzere uliwonse womwe mbali ina ili NULL. PostgreSQL ili nayo IS DISTINCT FROM kuyambira kale, SQL Server inailandira mu 2022, pomwe mu MySQL mumalemba NOT (n.mtengo <=> m.mtengo).