Paki ya ma motorhome pafupi ndi Oban: nyenyezi 3, ziwiri mwa izo ndi za madala a thirakitala

Tinabukitsa masiku awiri pa paki iyi mu October ana ali pa holide koma tinathera masiku anayi, ndiye ndati ndilembe kuti anzanga amene mukufuna kuwoloka kupita ku chilumba cha Mull ku Scotland ndi motorhome (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira) mudziwiretu mmene amakulandirira anthu a pano mphepo ikavuta.

Tinanyamuka ku Leeds ndi motorhome yahayala, ine, madam ndi anyamata athu awiri. Tinaima kaye ku Blantyre wa ku Scotland kuti ana aone nyumba yomwe anabadwira David Livingstone poti Blantyre amene amamudziwa ndi wa kwa agogo awo ku Ndirande, kenako A82 mmbali mwa nyanja ya Loch Lomond, msewu wopapatiza moti ukakumana ndi basi mtima umachita kuti myuu. Tinafika kutada. Masiku awiri oyamba ndilibe dandaulo lalikulu, £38 pa usiku ndi magetsi omwe, malo oimikapo othira miyala, mashawa otentha komanso osamalidwa bwino. Magetsi ake ndi a 10 amps basi ndiye ukayatsa ketulo hita ili on amathima, uzituluka mumvula kukayatsanso pa bokosi. Tinazolowera.

Nkhani inayamba tsiku lachitatu mmawa. Meseji inalowa pa foni kuti feri yochoka ku Oban kupita ku Craignure, doko la ku Mull, siyenda chifukwa cha mphepo. A feri sindikuwaimba mlandu ayi, ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndikudziwa kuti mwera ukawomba msodzi wanzeru bwato amalisiya pamchenga. Vuto ndi loti motorhome ndi yaitali imadya malo ambiri mu feri, ndiye malo otsatira anatipezera patatha masiku awiri.

Cha mma 9 ndinapita pa risepishoni kukapempha kuti tiwonjezere masiku. Mayi amene anali pamenepo moni sanayankhe, maso pa kompyuta, akuti malo anu abukidwa kale ndi ena, ikamakwana 12 mukhale mutachoka. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti mayi, tili ndi ana, feri yaimitsidwa, sikuti tachita dala. Akuti malo otsala ndi a pa kapinga kumunsi kuja, opanda magetsi, ndikuchotserani £5. Ndinawauza kuti mvula yagwa masiku atatu osalekeza ndipo galimoto iyi ndi ya matani 3.5, itimira. Yankho lawo linali loti ena amaimika pomwepo. Basi nkutembenukira kwa munthu wina ine ndikadali chiimire.

Chomwe chikundiwawa mpaka lero ndi ichi, malo athu aja anagona opanda munthu usiku wonse. Ndimawaona pa windo. Ndi ena angapo a miyala analinso pululu, ndipo aliyense akanatha kuganiza kuti feri ikaima mbali ino ndiye kuti omwe ali tsidya linalo nawonso sabwera. Kungoimba foni imodzi kufunsa ngati anthuwo afikedi, sanafune.

Usiku umenewo unali wovuta. Popanda magetsi hita imadya gasi, mawindo onse nthunzi yokhayokha madzi kuyenderera mpaka pa matiresi, zovala zonyowa tazikoleka paliponse, wifi kumunsiko siifika. Madam anaphika nsima pa kasitovu kakang'ono kaja mphika ukugwedezeka ndi mphepo, wamng'ono akulira kuti galimoto igubuduzika. Malo otayira za mchimbudzi cha mgalimoto ali kumtunda kwenikweni, ndinakoka kathanki kaja mmatope mumdima.

Mmawa ndimati ndipite mtauni kukagula gasi ndi ndiwo. Kuliza galimoto, matayala akutsogolo kumangozungulira pamodzimodzi akukumba. Ndinaika mamati a pansi, ndinaika nthambi, madam akukankha matope mpaka mmaondo, koma ikungolowerabe pansi mpaka bampala inatsala pang'ono kukhudza udzu. Mutu wanga unali pa dipoziti ya ahayala, chinthu chimodzi chikathyoka ndalama yonseyo yapita. Ndinatumiza mwana wamkulu ku risepishoni, anamuuza kuti bambo ako aimbire a breakdown.

Pamenepo mpomwe anatulukira madala ena amene amasamala pabwalo, atavala jombo ndi jekete yachikasu, palibe anawaitana anangomva kulira kwa injini. Anangopukusa mutu nkunena kuti kumunsi kuno mwezi uno sikoyenera kuikako galimoto yolemera. Anandionetsa kachitsulo kokokera kamene kamakhala mu bokosi la zipangizo, ine sindimadziwa nkomwe kuti kalipo, anakamangirira okha kutsogolo atagwada mmatope, nkukatenga thirakitala. Anandiuza kuti ndiike giya yachiwiri, osaponda kwambiri moto, ndingowongola chiwongolero. Anakoka pang'onopang'ono ngati akutulutsa ng'ombe mdambo, mphindi 10 sizinakwane tinali pa msewu, popanda chokalika. Kenako anatilozera malo athu akale aja nkunena kuti kaimikeni pamenepo, a ku ofesi ndikalankhula nawo ndekha. Ndinatulutsa £20 anaikana, kachiwiri anaikananso. Madzulo anabwera kudzaona ngati magetsi akuyaka, madam anawapatsa tiyi ndi mandasi omwe tinabwera nawo, anadya atatu atakhala pa sitepe akucheza ndi ana za nkhosa zawo. Ndi iwonso anatikumbutsa kuti tikamakalowa mu feri botolo la gasi likhale lotseka.

Ndinali nditakonzeka kupereka nyenyezi imodzi. Koma kunena chilungamo paki payokha si poipa, nyanja ili pafupi, usiku kuli zii, makina ochapira anatipulumutsa tsiku la matope lija ngakhale chowumitsira chimafuna kulipira kawiri kuti majini aume. Munthu mmodzi pa desiki ndi amene akuwononga dzina la malowa.

Feri tinakwera tsiku lachisanu, ulendo wake ndi wosakwana ola, koma ku Mull tinangokhala tsiku limodzi ndipo ku Iona, kachilumba ka pafupi ndi Mull komwe madam amafunitsitsa, sitinafikeko poti galimoto imayenera kubwezedwa. Ngati mukupita miyezi yamvula bukitsaniretu usiku wina wapadera pa malo a miyala, ndipo akakuuzani za kapinga wa kumunsi mukane. A pa pakiyi ndinawalembera imelo kupempha kuti andibwezere £33 ya usiku wa mmatope uja, papita masabata atatu sanayankhe.