Ndewu za tianthu ta timizere: Electricman 2, Stick Fight kapena Supreme Duelist?

Kamutu kozungulira, manja ndi miyendo ngati mitengo ya machesi, tianthu tomwe tinkajambula kumapeto kwa kope tili ku pulayimale. Tikayamba kuswana pa sikirini maso sachoka, chifukwa palibe chobisa nkhonya: waponya, yafika, mnzako wagwa chagada.

Mwa magemu atatu amene ndasewera kwambiri, wa pamtima panga ndi Electricman 2. Unkangotsegula pa browser basi. Mabatani a mivi ndi oyendera, A, S ndi D ndi omenyera mwachangu, pamene Q, W ndi E amatulutsa zibakera ndi mateche oyenda pang'onopang'ono amene amadya batire la kamunthu kako. Kukoma kwake kuli pomwepo. Adani akuzungulira mbali zonse, batire latsala pang'ono, ndiye uganize: ndiliwononge tsopano kapena ndipirire kaye? Teche likamuka pang'onopang'ono n'kugwetsa awiri nthawi imodzi, mtima umachita kuti myaa. Vuto lake n'lakuti unapangidwa ndi Flash, pulogalamu yomwe inkayendetsa magemu pa browser, imene kampani ya Adobe inasiya kuisamalira pa 31 December 2020. Lero umadalira masamba ogwiritsa ntchito Ruffle, pulogalamu yotsegula magemu a Flash, kapena nkhokwe ya magemu akale yotchedwa Flashpoint, ndipo pamafunika kiyibodi. Komanso umasewera wekha.

Stick Fight: The Game, wa kampani ya Landfall ya ku Sweden, unatuluka mu 2017, ndipo ndi chipwirikiti chenicheni. Anthu mpaka anayi, mfuti zikugwa kuchokera kumwamba, ina yolavula njoka, pansi pakugumuka. Wotsala wamoyo ndiye wapambana. Luso limathandiza, koma nthawi zambiri amene wayamba kutola chida chabwino ndiye amaseka. Ndi wogula pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ndipo kusewera ndi anzanu akutali kumafuna intaneti yosadukaduka, zomwe kwa ife ogula bandulo ya tsiku ndi nkhani yolemera.

Supreme Duelist Stickman ndi wa pafoni, waulere, ngakhale zotsatsa malonda zimatopetsa. Kamunthu kake n'kolobodoka, chala chimodzi ndicho chimayendetsa thupi ndi chida chomwe, ndiye poyamba umangozungulira osamenya kanthu. Sungafanane ndi Electricman pa kulondola kwa nkhonya, ayi ndithu. Koma anthu awiri amasewera pa foni imodzi, wina mbali iyi wina mbali inayo, popanda data.

Ngati muli ndi laputopu ndipo mumakonda kuphunzira gemu mpaka zala zizolowere, yambani ndi Electricman 2. Stick Fight muusungire tsiku limene anzanu atatu abwera kunyumba. Ine pafoni panga ndasiyapo Supreme Duelist, chifukwa magetsi akathima madzulo, mng'ono wanga amabwera kudzakhala pafupi nane pakhonde, tigwirizane foni, mitu itagundana, mpaka batire lithe.